Liwu Limene Ndinalikana

Ana anga, Tadala ndi Madalo, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimasungira makope akale aja mu sutikesi. Ndi makope amene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku. Ndinayamba ndili mtsikana wa Fomu 1, chifukwa pakamwa panga panali polemera, ndipo zimene anzanga ankanena mosavuta ine ndinkauza pepala. Tsopano popeza ndapuma ntchito ndawawerenganso onse, kuphatikizapo atatu amene sindinawagwirepo chiwatsekereni. Za ubwana wanga mukuzidziwa, ndizidumpha. Ndikufuna mudziwe za mtsikana wina, dzina lake Rozina, ndi zimene mayi wanu anamuchita.

Chaka chachiwiri cha matipate

Ntchito yanga yoyamba inali pa sukulu ina kuseri kwa Thambani. Ndinaphunzira za uphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndinapita kumeneko ndikudziwa kuti ndikaphunzitsa ana a Sitandade 3. Koma pambali pa pulayimaleyo panali sekondale yoyendera imene makolo anamanga ndi njerwa zoumba okha, ndipo inalibe aphunzitsi. Sabata yanga yachiwiri, ahedi a sekondaleyo, a Chikapa, analowa m'chipinda chathu ndi kufunsa kuti, "Pano alipo anakhozako bayoloje?" Aliyense anayang'ana pansi. Ine ndinakweza chala pang'ono chabe, ngati ndikukanda khutu. Iwo anati, "Basi Madamu, kuyambira Lolemba ndinu a sayansi athu. Musaope, ana ake sadziwa kanthu, simungawaononge." A Chikapa sanali munthu woipa. Anali wotopa, ndipo chimene ankachifuna pa moyo wawo chinali chakuti teremu ithe popanda makolo kubwera ku ofesi.

Anandipatsa buku limodzi la bayoloje, lopanda chikuto, lomangidwa ndi luzi. Labotale kunalibe. Maluwa ndinkathyola m'munda wa nandolo, mtima ndi mapapo a mbuzi ndinkapempha kwa opha nyama tsiku la msika, ndipo achule ankabwera okha nyengo ya mvula. Choko chikatha ndinkalemba ndi chinangwa chouma. Bukulo masamba ake anali akuda ndi zala za anthu, kupatula mutu womaliza. Umenewo unali woyera ngati watsopano, chifukwa panalibe mphunzitsi amene anafikako. Unali mutu wa ivolushoni, wonena za mmene zamoyo za lero zinachokera ku zamoyo zakale. Nditawafunsa a Chikapa anati, "Umenewo timaulambalala. Mukauyamba mudzayambana ndi mipingo yonse ya dera lino. Funso lake likabwera pa mayeso, ana asankhe lina." Ndinawamvera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sizinandivute, chifukwa inenso mutuwo sindinkaumvetsa ndipo ndinkauopa.

Chimene chinandisintha ndi maphunziro a sabata imodzi amene anatiitanira ku Blantyre. Mayi wina wotiphunzitsa anatifunsa chifukwa chimene kulorokwini anasiyira kuchiza malungo. Anati pakati pa tizilombo ta malungo panali towerengeka tolimba, mankhwala anapha tofooka, tolimbato tinaswana, ndipo patapita mibadwo yambiri ya tizilomboto dziko linadzaza ndi zidzukulu za tolimba. Palibe kachilombo kamene kanadzisintha kokha. Mtundu wonse ndiwo unasintha, mbadwo ndi mbadwo. M'kope langa la tsiku limenelo ndinalemba kuti, "Lero ndaona chinthu. Sindinamve kuti Mulungu wachepa. Ndamva ngati ndasuzumira m'nyumba imene amagwiriramo ntchito." Ndinabwerera ku Thambani nditatsimikiza kuti mutu woyera uja ndiudetsa ndi zala zanga.

Chaka changa chachisanu ndi chitatu, teremu yachiwiri

Apa n'kuti bambo anu atamwalira. Tinkakhala atatu m'nyumba ya aphunzitsi, iwe Tadala uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Madalo zitatu. Mu Fomu 4 ya chaka chimenecho munali Rozina. Anabadwira kutsidya kwa malire, ndipo anabwera kuno ali kumbuyo kwa mayi ake pothawa nkhondo. Anthu pamene ankabwerera kwawo, mayi ake anali atamwalira, choncho anatsala m'manja mwa amalume ake, a Zuze, mlimi wa manachesi komanso mkulu wa mpingo. Rozina sankakweza dzanja m'kalasi. Ankakhala pafupi ndi zenera, akulemba chilichonse chotuluka pakamwa panga, ngakhale ndikangonena kuti kunja kwatentha. Anzake akaweruka ankatsalira, n'kudzaima pakhomo mpaka nditamufunsa kuti, "Rozina, pali funso?" Pamenepo m'pamene ankatsegula kope. Ndinkamukonda chifukwa ndinkamudziwa. Ankafuna unamwino, ndipo pa ana onse amene ndinaphunzitsa kumeneko, ndi yekhayo amene ndinalibe naye chikaiko kuti mayeso a boma akhoza. Anali atatsala ndi miyezi inayi kuti alembe.

Tsiku limene ndinayamba mutuwo ndinajambula pa bolodi zigaza zinayi motsatizana, monga zinalili m'buku, kuyambira cha kholo lakale kwambiri mpaka cha munthu wa lero. Ndinafotokoza m'Chingerezi, monga lamulo linkanenera. Ana anangondiyang'ana ngati ndikuwerenga kalata ya munthu wina. Ndiye ndinachita zimene mphunzitsi aliyense wa kumudzi amachita ahedi akakhala kutali: ndinalowa m'Chichewa.

Ndinati, "Zamoyo zimasintha."

Mtsikana wina wolongolola wa kumbuyo anati, "Kusintha kwake ngati kwa anyamata osintha ndalama a pa boda aja, Madamu? Kupereka nyani, kulandira munthu?"

Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka. Ndinawauza kuti palibe nyani amene anabala munthu, koma kuti ife ndi anyani tili ngati ana a pachisuweni amene kholo lawo ndi limodzi, la kalekale. Wina anati, "Ndiye akamaba chimanga m'munda tisamawathamangitse, ndi abale." Anasekanso. Koma ndinaona kuti liwu la kusintha lawachepera. Munthu amasintha malaya, amasintha ndalama, madzulo n'kukhala yemweyo. Ndinkafuna liwu lalikulu, losonyeza kuti mtundu umafika pokhala chinthu china. Ndinaima ndi choko m'manja ndikufunafuna, ndipo linabwera. Ndinati, "Tinene kuti zamoyo zimasanduka. Zimasanduka pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso." Ana anagwedeza mitu. Ndinaona kuti amva, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa.

Ine ndinabadwira m'boma lomwelino. Ndinkadziwa bwino lomwe amene amanenedwa kuti amasanduka, ndi chimene amasanduka. Fisi, kadzidzi, njoka ya m'denga. Zaka zimenezo kunali kutabuka mphekesera m'midzi kuti akuluakulu ena akuphunzitsa ana ufiti. Zonsezi ndinkazidziwa, koma pa ola limenelo mutu wanga unali m'buku, ndipo ndinaiwala kuti mawu a m'kalasi amapita kukagona kumudzi.

Milungu itatu yotsatira

Mwana wamng'ono wa a Zuze anatentha thupi Lachiwiri, anakomoka Lachitatu, ndipo Lachinayi anamwalira ali pa njinga popita ku chipatala cha ku Thambani. Anali malungo, ndikukhulupirira choncho mpaka lero. Koma mwanayo ankagona mphasa imodzi ndi Rozina, ndipo Rozina anali mwana wobwera, wosalankhula, wochedwa kuweruka. Maliro atatha, akazi awo a a Zuze anatsegula chikwama chake. Anapeza tsamba la zigaza zinayi, zojambulidwa mosamala kuposa zanga, mano onse owerengeka. Manotsi anali m'Chingerezi, chimene iwo sankatha kuwerenga. Mzere umodzi wokha, wa m'mphepete, unali m'Chichewa: "Zimasanduka pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso."

Rozina anasiya kubwera kusukulu. Pa mjigo amayi anayamba kusendeza zidebe zawo kuti zisakhudzane ndi changa. Amene ankandigulitsa mkaka anadutsa pakhomo osaima. Lachisanu masana, iwe Tadala unabwera kuchokera kosewera magazi akutsika pa chikope. Chipsera chimene uli nacho pamwamba pa diso la kumanzere si cha kugwa mumtengo monga ndinakuuza. Anakugenda ana anzako, akuimba kuti mwana wa fisi.

Lolemba m'mawa a Chikapa anandiitana. Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita.

"Komiti ikumana mawa, makolo abwera," anatero. "Madamu, ndinakuuzani za mutu umenewu."

"Munandiuza, ahedi."

"Liwu limeneli munalinena?"

"Ndinalinena. Koma ndimatanthauza..."

"Chimene mumatanthauza ndachimva, inenso ndinapitako kusukulu. Koma mawa sikubwera anthu odzamva tanthauzo. Kubwera anthu amene aika mwana m'manda. Mukavomera, ndiye kuti mphunzitsi wa boma wavomera pagulu kuti amaphunzitsa ana kusanduka. Apolisi ali ku Boma, galimoto alibe. Nyumba yanu ija zenera lake ndi la katoni. Muli ndi ana awiri."

"Nanga ndinene chiyani?"

"Chilankhulo cha m'kalasi ndi Chingerezi. Limenelo ndi lamulo, simukunama. Nenani zomwezo, mukhale pansi."

"Ndiye liwulo likhala la ndani?"

A Chikapa anayang'ana pa zenera. "Mwanayo ali ndi abale ake. Sangamuphe. Inu muli ndi ndani kuno?"

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya Fomu 4, cha m'ma teni. Ana anawabweza kunyumba kuti asasokoneze, choncho panalibe wina wondimva tsiku lija kupatula mmodzi. Makolo anadzaza mabenchi, ena anaima m'mazenera. Rozina anakhala pansi pa simenti, pafupi ndi bolodi, miyendo atatambasula ngati wofedwa, atavala chitenje m'malo mwa yunifomu. Anali ataonda. Kope lake linali pa tebulo, lotsegula.

Ndikanakonda kukuuzani kuti a Zuze anali munthu wankhanza, chifukwa zikanandipepukira. Sanali. Anaimirira atagwira chipewa ndi manja onse awiri, ndipo analankhula motsitsa. Anati, "Madamu, ine sukulu sindinapite. Mwana uyu ndi wa mlongo wanga, ndinamulera ndine, ndipo ndinamutumiza kuno kuti adzatithandize. Kunyumba kwanga kulibe mtendere. Akazi anga sakudya chimene mwanayu wagwira. Iye akuti mawu awa anawamva kwa inu. Ine ndikungofuna ndidziwe. Ngati ndi za m'buku la boma, tiuzeni kuti ndi za m'buku, mwina tingamve. Ngati si za kwa inu, ndiye ndidziwe kuti anazitenga kwina."

Munthu uja ananditsegulira khomo. Ndinali ndi buku m'chikwama. Ndikanatha kuwauza za malungo ndi kulorokwini, za anankafumbwe amene saopanso mankhwala a m'nkhokwe, zinthu zimene mlimi aliyense m'chipindamo anaziona ndi maso ake. Ndikanatha kunena kuti liwulo ndi langa, ndinalisankha molakwa, mwanayu anangolemba. Mwina akanandimvera, mwina akanandigenda. Sindidzadziwa. Ndinayang'ana m'mazenera, ndinaona nkhope za amuna amene sindinkawadziwa, ena atanyamula makasu ochokera nawo kumunda, ndipo ndinaganiza za diso la Tadala. Pakamwa panga panalemera monga kale ndili mwana.

Ndinati, "Zigazazo ndi za m'buku. Koma ine ndimaphunzitsa m'Chingerezi. Lamulo la sukulu likutero."

Wapampando wa komiti anafunsa kuti, "Ndiye kuti mzere wa Chichewawu si wanu?"

"Ine ndimaphunzitsa m'Chingerezi," ndinabwereza.

Anatembenukira kwa Rozina. "Iwe, wamva. Aphunzitsi ako akukana. Ukuti bwanji?"

Rozina anadzutsa mutu ndi kundiyang'ana. Sanandiyang'ane mokwiya. Anandiyang'ana monga ankachitira akaima pakhomo la kalasi, kudikira kuti ndimufunse ngati pali funso. Ine ndinayang'ana pa tebulo. Patapita nthawi anati, "Kapena ndinamva molakwa, bambo."

"Unamva molakwa kapena unamva kwina?"

A Zuze anatenga kope lija, analipinda pakati, analiika m'thumba la jekete. Anandithokoza chifukwa cha nthawi yanga. Sabata yomweyo anamuperekeza Rozina kwa achibale a bambo ake kuseri kwa Zobue, kuti m'nyumba mwawo mukhale mtendere. Pa tsiku la mayeso a bayoloje, desiki yake inali ndi nambala yomata pakona, ndipo woyang'anira mayeso anaikapo pepala la mafunso mpaka nthawi inatha, monga lamulo linkanenera. Amayi a pa mjigo anayambanso kundipatsa moni. Mkaka unayambanso kubwera.

Zaka za ku Boma

Ndinapempha kusamuka, ndipo chaka chotsatira ananditumiza pa sekondale ina ya pa Boma. Kumeneko kunali mabuku okwana ana atatu buku limodzi, ndi makina amodzi oonera tizilombo amene ahedi ankawatsekera mu ofesi kuti angaonongeke. Ndinagwira ntchito pansi pa mahedi anayi, awiri abwino, mmodzi waulesi, mmodzi amene ankatiitana ndi belu ngati ana. Za iwo ndilibe zambiri zonena. Mutu wa ivolushoni sindinaulambalalenso, chifukwa oyendera sukulu ankaufufuza. Koma ndinapeza njira yanga. Ndinkalemba manotsi pa bolodi m'Chingerezi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ana n'kukopera, ine n'kufufuta. Mwana akafunsa kuti, "Madamu, m'Chichewa ndiye kuti chiyani?" ndinkati, "Mayeso sabwera m'Chichewa. Loweza." Ena ankakhoza. Ankatha kulemba tanthauzo lonse osaphonya chilembo, koma ukawafunsa chifukwa chimene mankhwala a malungo amasinthidwira, ankati boma ndi limene limadziwa. Ndinaphunzitsa choncho zaka khumi ndi zinayi. Pa mwambo wonditsanzika anati ndinali mphunzitsi wodekha, wosayambana ndi makolo.

Kawiri ndinalemba kalata yopita kwa a Zuze yonena zoona. Makalata onse awiri ali m'makope aja, mudzawapeza. Yoyamba sindinatumize chifukwa ndinkaopa kuti nkhani idzukanso inu mukadali aang'ono. Yachiwiri ndinailemba mutakula, pamene chowiringula chinali chitatha, ndipo ndisanapeze mtima woitumiza ndinamva kuti a Zuze anamwalira.

Chaka chomaliza cha ntchito, nyengo ya manachesi

Ndinapita ku boda kukaperekeza mnzanga amene ankakwera basi ya ku Joni. Pobwerera ndinadutsa pa mzere wa amayi ogulitsa zipatso kwa madalaivala a mathiraki. Mmodzi anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, anapinda maondo. "Madamu, mwaswera bwanji?" Ndinamuzindikira ndi mawu. Anali ndi zaka za m'ma sate, koma ankaoneka ngati mnzanga wobadwa naye chaka chimodzi.

"Rozina."

"Ndine ndemwe. Simunasinthe, Madamu. Mukuphunzitsabe?"

"Chaka chino ndi chomaliza."

Anandipatsa chidebe chovundikira kuti ndikhalepo, iye anakhala pansi. Anandiuza kuti anakwatiwa chaka chomwe chija ndi bambo wina wa kutsidya, ali ndi ana asanu, ndipo amawoloka m'mawa uliwonse ndi dengu. Ankalankhula akusenda nachesi, ndipo atamaliza anandipatsa. Ndinali nditakonza mawu kwa zaka zambiri, koma amene anatuluka anali ochepa.

"Rozina, liwu lija ndinalinena ndine."

"Ndikudziwa, Madamu. Ndinalipo."

"Ndinakulakwira."

Anathamangitsa ntchentche pa dengu. "Munali ndi ana," anatero. "Panopa inenso ndili nawo, ndiye ndimamva. Poyamba ndinkaganiza kuti mwina mutu wanga ndi umene unasokonekera. Ndinkati Madamu sanganame, ndiye kuti ndinalota. Zimenezo ndi zimene zinandivuta zaka zoyamba. Koma zinatha."

Dalaivala wina anaima, anagula mulu umodzi, anamuseka kuti manachesi ake ndi owawasa ngati apongozi. Rozina anamuyankha m'Chipwitikizi, onse anaseka, munthuyo anapita. Ndinafuna kupeza chinthu chabwino choti ndigwire, ndiye ndinafunsa za ana ake, ngati ali pasukulu.

"Anyamata akupita. Woyamba ndi mtsikana, Luwiza, uyo akubwera ndi madziyo." Analoza mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zitatu, wowonda, akuyenda moyang'ana pansi. "Ameneyo mutu wake ndi wanga ndithu. Aphunzitsi ake anachita kubwera kunyumba kudzandidandaulira. Chilichonse chimene wamva amalemba, ngakhale pa katoni."

Ndinati, "Ali kalasi yanji? Ndikupuma ntchito, nthawi ndikhala nayo. Abwere azidzakhala kwathu ku Boma, ndizimuphunzitsa ndekha, mpaka alembe mayeso."

Rozina anamwetulira mwaulemu, monga munthu amachitira ndi mlendo amene sadziwa za pamudzi.

"Zikomo, Madamu. Koma ndinamusiyitsa chaka chatha. Ndinamusiyitsa ndine, bambo ake ankakana. Mwana wotere amakhulupirira aphunzitsi kwambiri."

Mtsikanayo anafika, anatula chigubu, anagwada kundipatsa moni osadzutsa maso. Mayi ake anamuuza kuti, "Awa ndi a Madamu amene anandiphunzitsa bayoloje." Kenaka anamutuma kuti akafunse madalaivala a kutsogolo ngati akufuna manachesi, ndipo iye anasenza dengu n'kulowa pakati pa mathiraki.